Masiku Khumi ndi Asanu a Don Eusebio

Kwathu kuno ku La Noria, mwamuna wofuna mkazi mwaulemu sadzilankhulira yekha. Amatuma akuluakulu awiri, zipewa zili m'manja, kukafunsira mbeta kwa bambo a mkaziyo, iye mwini n'kutsala panja pa geti. Bambowo sayankha tsiku lomwelo, ngakhale mnyamatayo atamukonda chotani. Amangoti, "Mubwerenso pa tsiku la khumi ndi chisanu." Akuluakulu aja akasiyidwa mpaka tsikulo, yankho limakhala inde. Koma kwawo kwa mkazi akanyamuka okha kukayankha masiku asanakwane, aliyense amadziwa kuti akana.

Ana a masiku ano mwambowu amauseka. Ambiri amangoimbira makolo foni kuti tinakwatirana dzulo ku khoti. Baldemar Olivares ndiye anaufukula kumene unagona, ndipo Noemí Zamarripa, mphunzitsi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, anapezeka akuwerenga masiku ngati kamtsikana. Amalume ake awiri a Baldemar anabwera Lamlungu kudzafunsira mbeta. Pofika Lachinayi anali atatsala masiku khumi.

"Kalendalayo uiboola ndi maso," anatero mayi ake, Doña Cuca, akukanda ufa wa tortilla, timikate tathu topyapyala, osatembenuka n'komwe.

"Ndimaona tsiku la Ababa la kuchipatala cha maso, Amayi."

"Eya, la maso. Ine ndinabadwa dzulo."

Vuto linali pa mpanda wa kumaso kwa nyumba. Pamenepo bambo ake, Don Eusebio, anali atamangirira ndi waya chikwangwani chachikulu cha nkhope ya Doña Hermila Cantú. Mayi amenewo anakhala zaka khumi ndi ziwiri pa mpando wa dera lathu m'bungwe la zamaphunziro la Texas, lija limagamula zimene ana aziphunzira m'masukulu a boma. Koma kwa a Zamarripa sanali wandale chabe. Ndiwo ananyamula Noemí pa ubatizo, choncho kwa Noemí anali madrina, mayi wachiwiri, ndipo kwa makolo ake anali comadre, ubale umene kwathu kuno sutha ngakhale mutalandana malire a munda. Tsono amene ankalimbirana nawo mpandowo chaka chimenecho anali Baldemar yemweyo. A Zamarripa anavotera chipani cha chizindikiro cha bulu kuyambira nthawi ya agogo, pamene Baldemar anaimira cha njovu. Chisankho chinali Lachiwiri, masiku awiri okha pambuyo pa tsiku la yankho.

"Amuna onse a m'chigwa muno," Doña Cuca anapitiriza, "a malole, a m'minda ya malalanje, ngakhale aja ogulitsa inshuwalansi, iwe n'kukasankha wofuna kugwetsa madrina wako. Mpando wake wosalipira n'komwe! Munthu wa mutu wabwino angasiye shopu ya matayala n'kumayenda padzuwa kulimbirana ntchito yaulere?"

"Akuti makolo azidziwa zimene ana awo akuwerenga."

"Ife tinakulera osadziwa zimene unkawerenga. Lero suli mphunzitsi?"

Noemí anasuzumira pakhonde pamene bambo ake anakhala ndi wailesi pa bondo. Maso awo anachita khungu zaka zitatu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo Noemí ndiye ankawayendetsa kulikonse, poti alongo ake anasamukira ku Houston kalekale. Za ukwatiwu bambowo anali asanatulutse liwu ngakhale limodzi.

* * *

Mwambo umati pa masiku odikirawo awiriwo asaonekere limodzi. Ndiye Lachisanu ataweruka, Noemí anapita mpaka tauni yotsatira, kuseri kwa bekale ina kumene kunalibe owadziwa. Anapeza Baldemar ali m'tulo m'pikapu yake, mutu utatsamira pa zenera, kukamwa kuli yasa, tayi ali pa bondo. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wofedwa mkazi, wa manja okhakhala amene jekete silinkamukhala. Noemí anamuyang'ana kanthawi asanagogode. Anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa nayenso anali wotopa koma panalibe womuyang'ana chotero.

"Bwana aphungu, dzukani. Ana a Texas akusochera inu muli m'tulo."

Baldemar anadzidzimuka n'kumutsegulira chitseko. "Noe. Ndinagona kodi?" Mawu ake anali atasasa.

"Ayi, umapemphera."

Baldemar anaseka n'kumupatsa kapepala ka banzi la shuga pamwamba limene Noemí ankalikonda. "Lero ndagogoda makomo makumi asanu ndi atatu. Agalu andilandira bwino kuposa anthu. Gogo wina wandiuza kuti ndagulitsa mtundu. Mayi wina wandikumbatira akulira, akuti mwana wake ali kalasi yachisanu koma satha kuwerenga ngakhale dzina la msewu wa kwawo. Ndiye undiuze, ndisiye?"

"Sindinanenepo kuti usiye."

"Koma sundivotera."

"Voti ndi chinsinsi, bambo Olivares."

"Chinsinsi chake cholembedwa pa mpanda wa kwanu." Anamugwira dzanja. "Bambo ako akuti chiyani?"

"Akuti wailesi ikufuna mabatire."

Anadya banzi limodzi monyemerana. Noemí anatsamira mutu pa phewa lake. Zaka ziwiri anakhala akukumana chonchi, m'magalimoto ndi kuseri kwa masitolo, ngati anthu oba.

"Balde, tikanangopita ku khoti, bwenzi pano tili m'nyumba mwathu."

"Ayi, Noe. Tsiku ndi tsiku ndikuuza anthu kuti ana athu asokonekera chifukwa tinachotsa makolo pa malo awo. Ndiye ine ndemwe ndibe mwana wa munthu ngati nkhuku? Bambo ako andipatse okha, masana, anthu akuona."

Mawu ngati amenewa ndi amene anamukopa Noemí poyamba. Pa za mabuku ndi mapemphero a m'sukulu ankatsutsana mpaka khofi kuzizira, koma ankadziwa kuti munthuyu zimene amanena amazikhulupirira.

Foni inalira pa mpando, Baldemar n'kuiyankha pa sipika osaganiza. Anali Priscila Montalvo, woyendetsa kampeni yake. Priscila anabadwira konkuno, anapita ku Austin, likulu la Texas, n'kubwerako ndi nsapato za gogoda ndi mafoni awiri. La Noria yense ankadziwa kuti ali ku sekondale anali chibwenzi cha Baldemar, ndiponso kuti pa maliro a mkazi wake anabwera ndi mphika wa tamales n'kukhala masiku atatu akutsuka mbale zoyera kale.

"Balde, uli kuti? A wailesi akutidikira faifi koloko. Wavala malaya oyera aja ndinakusitira?"

"Ndikubwera," anatero Baldemar n'kudula msanga.

Noemí anachotsa mutu pa phewa. "Akumakusitira tsopano?"

"Anangowapititsa kochapitsa."

"Iye wati anasita."

"Noe, chonde. Ndatopa."

"Tonse tatopa," anatero Noemí, akukutumula shuga pa siketi. Anatsika osamupsompsona, ndipo ali m'njira anadandaula kuti bwanji sanatero.

* * *

Loweruka kunali phwando la kampeni la Doña Hermila, pa famu ya munthu wina pansi pa mitengo. Nyama inkapsa pa makala, akodiyoni ikulira, abambo ataimirira ndi mowa m'manja. Noemí anali pa tebulo la mpunga ndi nyemba, pamene wakhala akuima chisankho chilichonse kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Koma tsiku limenelo amayi anzake ankamupatsa moni wa theka. Ena ankalandira mbale maso ali kumbali.

"Don Eusebio!" anafuula bambo wina amene mowa unali utamukwera. "Tamva kuti mwatsika pa bulu mwakwera njovu! Koma ndi yaitali imeneyo, mugwiritse!"

Anthu ochepa okha ndiwo anaseka. Don Eusebio anatembenuzira khutu kumene kunachokera mawuwo, osamvetsa.

Apo m'pamene Doña Hermila anakodola Noemí. Anamutengera m'galimoto lawo, anayatsa mphepo yozizira, n'kuvula nsapato. Mapazi awo anali otupa ngati mabanzi.

"Tseka chitseko, mwanawe. Ona ichi."

Linali pepala lonyezimira la kampeni. Pa chithunzi panali Don Eusebio ataima pa geti la kwawo, akugwirana chanza ndi Baldemar, amalume awiri aja ali pambali ndi zipewa m'manja. Linali Lamlungu lija, pamene bambowo anaperekeza alendo n'kupereka moni kwa mnyamata wodikira panja. Kumbuyo kwawo kunkaoneka theka la nkhope ya Doña Hermila pa mpanda. Pansi analemba kuti: "Baldemar Olivares, munthu wa mwambo wathu. Ngakhale mabanja amene akhala tsidya lina zaka zonse akumutsegulira mageti."

"Madrina, ine sindimadziwa," anatero Noemí.

"Ndikudziwa. Ukanadziwa sukanabwera kudzagawa mpunga. Awapachika pa zitseko za dera lonse kuyambira m'mawa." Anapuma mozama, akusisita bondo. "Mpandowu ine ndatopa nawo, Noemí. Austin ndi kutali, maondo anatha, ndipo kumeneko timangokalipirana. Baldemar akaupeza aupeze. Za ukwati wakonso ndinawauza bambo ako, compadre wanga, Lolemba kuti avomere. Mnyamatayo ndi wabwino, kungoti mutu ngwouma."

"Munawauza choncho?"

"Ndinawauza. Ndinakunyamula ndine, ndingakane bwanji kuti upeze pokhala? Koma kundilanda compadre wanga pa pepala, anthu onse akuona, zimenezo ayi. Ine ndi Eusebio taika maliro angati limodzi? Lero anthu akundipepesa ngati ndafedwa. Zandipweteka, mwanawe."

"Ababa sanalione."

"Kuona sangalione. Koma makutu ali nawo."

Noemí anayang'ana pa galasi. Pansi pa mtengo mayi ake anali atagwira pepala lomwelo, akuwerengera bambo ake kukhutu. Don Eusebio anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaika mbale ya nyama pansi mosamala, anaimirira, n'kuyamba kufufuza ndodo yawo.

* * *

Atafika kunyumba bambowo analowa kuchipinda n'kutseka. Noemí anakhala pa sitepe ya kuseri ndi foni.

"Waona zimene mwachita?" analemba.

Yankho linabwera patapita ola. "Ndili pa msonkhano. Ndikuimbira."

Sanaimbe. Dzuwa litapendeka kunabwera uthenga wina: "Noe, si mmene ukuganizira."

"Ndikuganiza bwanji?" anafunsa Noemí. Foni inaonetsa kuti wawerenga, koma sanayankhe.

Lamlungu Don Eusebio sanapite ku Misa, chinthu chimene sichinachitikepo ngakhale pamene anawachita opaleshoni. Masana Noemí anapita ku ofesi ya kampeni, m'sitolo yakale ya mipando pafupi ndi njanji. Anapeza Priscila yekha, atakhala pa tebulo, miyendo itapingasa.

"Aaa, akwati athu! Takulandirani. Ndikuthirireni khofi?"

"Chithunzi cha bambo anga munachitenga kuti?"

"Ndinajambula ndekha. Chinatuluka bwino, eti? Bambo anu ali ndi nkhope yaulemu, anthu akuikonda kwabasi."

"Munabisala pati?"

"Kubisala?" Priscila anaseka. "Ndinali m'galimoto langa tsidya la msewu, pamene Balde anandiuza kuti ndiime. Mukuyesa ndinalota kuti akubwera kwanu folo koloko?"

Noemí anagwira msana wa mpando.

"Asisi, tiyeni tikambe ngati akazi akuluakulu," anatero Priscila, akuika foni pansi. "Munthuyu watsala pang'ono kupambana. Anthu ambiri kuno amaganiza ngati iye, koma amaopa kuti agogo awo awatemberera kumanda akavotera njovu. Amangofuna kuona mkulu mmodzi wodziwika akumugwira chanza, basi. Ine ndinasiya ntchito yabwino ku Austin, ndikugona maola anayi chifukwa cha iye. Inu mwamuchitira chiyani? Dzulo mumagawa mpunga kwa adani ake."

"Ndi madrina wanga."

"Eya. Mapanga awiri avumbwitsa, asisi."

"Nanga inu phanga lanu ndi liti? Chisankho, kapena malaya ake?"

Priscila anasiya kumwetulira. "Ine sindinamubisepo kuseri kwa bekale," anatero.

Mawuwo anamulasa Noemí chifukwa munali choona. Anatuluka, ndipo panja anakumana ndi pikapu ya Baldemar ikungoima kumene.

"Noe, dikira."

"Unamuuza ndiwe kuti abwere ndi kamera?"

Baldemar anavula chipewa n'kupukuta thukuta. "Ndinamuuza, inde. Ndinkafuna chithunzi choti tidzapachike pabalaza pathu. Tsiku ngati limene lija silibweranso. Ndikulumbira, pamenepo za kampeni sizinali m'mutu mwanga."

"Nanga pepalalo?"

Anayang'ana pansi. "Anandionetsa Lachinayi, pamodzi ndi mapepala ena."

"Unaliona."

"Ndinaliona."

"Ndiye Lachisanu unandigulira banzi, n'kumandiuza za ulemu wa makolo, ukudziwa kuti nkhope ya bambo anga ili kosindikiza."

"Palibe bodza pamenepo, Noe. Anandigwiradi chanza."

"Anagwira chanza mkamwini, osati chipani! Iwe wa mwambo, zimenezi ndikuuze ine?"

"Ndinatopa. Priscila akagwira chinthu sasiya, ndipo ndinalibe mphamvu zokangana naye."

"Ndiye unasankha kukangana ndi ine."

Baldemar anatambasula dzanja, koma Noemí analowa m'galimoto lake. Sanalire. Anangomva kulemera thupi lonse, ngati munthu amene wachapa zovala tsiku lonse mvula n'kuzigwetsera m'matope.

* * *

Lolemba ataweruka anapeza bambo ake ataima pakhonde, atavala suti yakuda ya pa maliro ndi chipewa chabwino chija. Anali atatsala masiku asanu ndi limodzi.

"Usazimitse galimoto," anatero Don Eusebio.

"Tikupita kuti, Ababa?"

"Kwa mayi ake a Baldemar."

Noemí anaima pa sitepe, makiyi ali m'manja. "Ababa, masiku sanakwane."

"Kuwerenga ndimatha."

Doña Cuca anatuluka manja ali ufa wokhawokha. Mayi yemwe uja wa pakamwa pakuthwa, tsiku limenelo mawu ake anali ofewa. "Eusebio, dikirani Lamlungu. Mwana wathu si wamng'ono. Mukakana uyu, wina abwera liti?"

"Cuca, Loweruka anthu andiseka pamaso pa comadre. Ndikadikira Lamlungu, ndiye kuti pepala lija lanena zoona." Anatembenukira kumene kunali mwana wawo. "Ndikanakhala ndi maso ndikanapita ndekha, mwananga. Sindikanakusenzetsa zimenezi."

Noemí akanatha kukana. Akanatha kuponya makiyi m'maluwa n'kukadzitsekera kuchipinda, ndipo bambowo sakanafika ngakhale pa mphambano. Koma anawagwira pa chigongono monga mwa masiku onse, anawatsitsa masitepe atatu aja, n'kuwamangira lamba. Palibe chimene chinamuwawa pa moyo wake ngati kuyendetsa bambo ake kukakana ukwati wake womwe.

Anadutsa minda ya malalanje. Atawoloka ngalande yothirira, Don Eusebio anayamba okha kulankhula.

"Ndinali nditavomera tsiku lomwelo, asanatuluke n'komwe pa geti. Ndinati, uyu ndiye munthu, wakumbukira zimene ana anga obala ndekha anaiwala. Ndinkangodikira masiku kuti ndikulemekeze, anthu asati Eusebio anataya mwana ngati katundu womulemera."

Noemí anapatutsa galimoto n'kuima m'mbali mwa msewu.

"Ababa, ndinene?"

"Nena."

"Walakwa, sindikumuikira kumbuyo. Dzulo ndamuuza ndekha. Koma ine ndatopa, Ababa. Alongo anga anapita, ine ndinatsala, ndipo sindinadandaulepo. Anzanga ana awo ali ku sekondale. Ndadikira zaka ziwiri kuti ndimutchule dzina m'nyumba mwanu, ndadikira masiku anu, ndipo lero mukukatsuka dzina lanu ndi moyo wanga. Madrina apepesedwa, inu mulemekezedwa, iye mwina apambana. Nanga ine nditsala ndi chiyani? Ndimamukonda, ndi uchitsiru wake womwewo."

Bambowo anazungulitsa chipewa pa bondo. Lole ya malalanje inadutsa, galimoto n'kugwedezeka.

"Yendetsa," anatero pomaliza.

Pabwalo pa Doña Tomasa, mayi ake a Baldemar, panali magalimoto awiri: pikapu ija, ndi galimoto loyera la Priscila. Doña Tomasa anali akuthirira maluwa. Ataona suti yakuda ikutsika, anawerenga masiku m'mutu, paipi n'kuwapulumuka m'manja.

"Mayi Maria! Don Eusebio, lero? Lowani, chonde, khalani pansi, tikambirane."

"Zikomo, Doña Tomasa, sindikhala. Mwana wanu alipo?"

Baldemar anatuluka kukhitchini akutafuna, kansalu kopukutira kali m'manja. Priscila anatsatira n'kuima pa chitseko ngati mwini nyumba. Baldemar ataona Noemí ndi bambo ake, nkhope inagwa.

"Don Eusebio, ndikupempha..."

"Ndilankhule ine kaye. Ndinanyamuka kwathu kudzakukana. Amalume ako asavutike kubwera Lamlungu, ndimo ndinakonzera kunena. Koma m'njira mwana wanga wandiuza mawu amene sindinawayembekezere, ndiye ndikusiyira khomo limodzi." Anatsamira ndodo ndi manja onse awiri. "Lamlungu Misa ikatha, anthu akutuluka, udzaime pa masitepe a tchalitchi. Udzanene ndi pakamwa pako kuti pepala lija ndi labodza, kuti unabwera kwathu kudzapempha mkazi osati voti, ndipo kuti voti ya Eusebio Zamarripa ndi ya comadre wake. Udzapepese Doña Hermila anthu akumva. Ukatero, amalume ako abwere masana, adzapeza khofi ali pamoto. Ukapanda kutero, kubwera kwangaku ndiye yankho."

"Don Eusebio, pepani," Priscila analowerera, "Lamlungu ndi masiku awiri chisankho chisanachitike. Anthu ajambula pa mafoni, pofika madzulo Texas yense waona. Mukumuuza kuti adziphe yekha. Dikirani mpaka Lachitatu, adzapepesa mmene mungafunire."

"Sindikulankhula ndi wojambula," anatero bambowo osatembenuka. "Baldemar, ndikumvetsera."

Pabwalo madzi ankatulukabe pa paipi n'kumayenderera pa simenti. Noemí anayang'anitsitsa Baldemar. Mumtima ankangoti, ndiyang'ane, Balde, ungondiyang'ana, zinazo tikonza. Baldemar anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono, maso ake n'kukagwera pa chitseko pamene panaima Priscila.

Don Eusebio anadikira. Atalephera kumva kanthu, anafufuza mkono wa mwana wawo n'kuugwira.

"Noemí, ine sindikuona. Wagwedeza mutu? Wavomera?"

Mawu a Noemí anatuluka ouma, opanda misozi.

"Dikirani, Ababa. Akupempha kaye chilolezo."